Mmene mungaonere filimu ya akazitape popanda kumeza bodza

Filimu ya akazitape ikayamba ndi mawu oti nkhaniyi inachitikadi, ambiri a ife timakhulupirira chilichonse chotsatira. Kwathu kuno ku Mulanje vutoli limakula chifukwa mafilimu ambiri timawaonera atamasuliridwa kale m'Chichewa, ndipo womasulira akangoti "abale, izi si zopeka ayi," nkhani yatha. Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale ku Fomu 3 ndi Fomu 4 pa sekondale ina yoyendera cha ku Chitakale, ndipo zotsatira zake ndimazipeza m'makope a ana. Mwana amalemba ndi mtima wonse kuti asilikali a America ndi amene analanda makina a Germany olembera mauthenga achinsinsi. Ukamufunsa komwe wazitenga amati anaziona ndi maso ake. Mwanayo sakunama. Akunena zomwe anaonetsedwa.

Sindikuuzani kuti musiye kuonera. Mafilimu amenewa ndimawakonda, ndipo Loweruka madzulo ndimapezeka pa benchi ku vidiyo ya alamu anga pamsika. Chomwe ndikufuna kukupatsani ndi njira yomwe ndimaphunzitsa ana anga, yoti muzionera n'kusangalala, koma potuluka muzidziwa chomwe chinachitikadi ndi chomwe anakometsera.

Dziwani kaye mtundu wa filimu yomwe ili patsogolo panu

James Bond ndi Jason Bourne ndi anthu opeka, ndipo palibe amene amabisa zimenezo. Ian Fleming, yemwe anapeka Bond, anagwiradi ntchito ku nthambi ya ukazitape ya asilikali apamadzi a Britain pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, koma zomwe analemba ndi zosangalatsa basi. Onerani, musavutike kufufuza.

Kenako pali nkhani zopeka zolembedwa ndi anthu omwe anali m'kati mwa ntchitoyo. John le Carré anagwira ntchito ku MI5 ndi MI6, mabungwe a ukazitape a Britain, ndipo anali m'menemo pamene Kim Philby, mkulu wina wa MI6 yemwe ankaperekera zinsinsi ku Soviet Union, anathawira ku Moscow mu 1963. Mayina a m'nkhani zake ndi opeka, koma kukayikirana ndi kuperekana komwe mumakuona ndi kwa munthu amene anakhalamo.

Ntchito yathu ili pa gulu lachitatu, la mafilimu otchula anthu enieni, zaka zenizeni ndi mayiko enieni.

Khalani ndi cholembera

Poonera lembani zinthu zitatu zokha: chaka, malo, ndi dzina limodzi la munthu kapena la chinthu chomwe akulimbirana. Filimu ikatha musathamangire kufufuza dzina la filimuyo pa Google, chifukwa poyamba mudzangokumana ndi otsatsa malonda ndi oyamikira. Fufuzani dzina la munthuyo kapena chochitikacho. Bandulo yaying'ono ikwanira, poti mukuwerenga malemba, simukutsitsa kanema.

Nthawi zambiri chaka chokha chimaulula. Tengani nkhani ya ana anga ija. Amaitenga mufilimu ya U-571 ya mu 2000, momwe asilikali apamadzi a America amalanda makina aja olembera mauthenga achinsinsi, otchedwa Enigma, m'sitima ya Germany yoyenda pansi pa madzi. Mukafufuza za Enigma mupeza kuti makina ndi mabuku ake analandidwa m'sitima ya U-110 mu Meyi 1941, ndipo olandawo anali a Britain a m'sitima ya HMS Bulldog. America inalowa nkhondoyo mu Disembala 1941. Ikani zaka ziwirizi pamodzi, mwapeza yankho: pamene ntchitoyi inkachitika, America inali isanalowe n'komwe. Nkhaniyi inawawa anthu a ku Britain mpaka inakambidwa m'nyumba ya malamulo, ndipo nduna yaikulu Tony Blair anavomereza kuti filimuyo inali chipongwe kwa asilikali awo.

Kayikirani mphindi zomaliza

Ili ndi lamulo lomwe silinandikhumudwitsepo. Pomwe mtima wanu ukugunda kwambiri, pomwe anyamata a pabenchi aimirira n'kumakuwa kuti "thawa, thawa," ndi pomwe olemba filimu amaonjezera zawo. Ndikhalitsa pa filimu ya Argo ya mu 2012 chifukwa ili ndi zonse zomwe muyenera kuphunzira kuona.

Zoona zake ndi izi. Pa 4 Novembala 1979 ophunzira a ku Iran analanda ofesi ya kazembe wa America ku Tehran, ndipo anthu 52 anasungidwa ngati chikole masiku 444. Anthu asanu ndi mmodzi anazemba tsiku lomwelo, ndipo patapita masiku anabisidwa ndi akazembe a Canada. Kazitape wa CIA, bungwe la ukazitape la America, dzina lake Tony Mendez, anabwera ndi nzeru yoti anthuwo anamizire kuti ndi a ku Canada odzayang'ana malo ojambulira filimu. Kumapeto kwa Januwale 1980 anatuluka pa ndege ya Swissair kupita ku Zürich. Mpaka pano filimu ndi mbiri zikugwirizana.

Tsopano onani zomwe filimu imaika kumapeto. Matikiti a ndege aletsedwa, akuvomerezedwa pa mphindi yomaliza. Asilikali a pabwalo la ndege akuwafunsa mafunso, akuimba foni ku America kuti atsimikize. Kenako magalimoto a asilikali akuthamangitsa ndege ikunyamuka. Zonsezi palibe chinachitika. Matikiti anali atagulidwa kale. Anafika pabwalo m'mamawa kwambiri, anadutsa popanda wowatsekereza, ndipo chomwe chinawadetsa nkhawa chinali kuchedwa pang'ono kwa ndegeyo. Ulendo wa kumsika womwe mumauona pakati pa filimu, anthu atawazinga mokwiya, nawonso sunachitike. Ngakhale CIA eniakewo anadzanena poyera mu 2014 kuti panalibe kuthamangitsana kulikonse.

Wina anganene kuti palibe choipa, ndi zokometsera basi. Pa kuthamangitsa ndege ndingavomere pang'ono. Koma taganizani chithunzi chomwe mwana wa Fomu 2 amatuluka nacho: pafupifupi munthu aliyense wa ku Iran yemwe wamuona ndi wolusa, wokuwa, wonyamula mfuti. Sanapiteko ku Iran, mwina sadzapitako, ndipo chithunzi chimenecho adzakhala nacho mpaka ukalamba.

Funsani kuti wachotsedwa ndani

Bodza loonjezera ndi losavuta kuligwira. Lovuta ndi lochotsa, chifukwa simungaone munthu yemwe sanamuike. Wothyola tiyi m'minda ya kuno amatenga masamba awiri ndi kansonga, chitsamba chonse n'kuchisiya. Wolemba filimu amachitanso chimodzimodzi ndi mbiri, ndipo funso lanu likhale loti, pachitsambapo pasala chiyani?

Mu Argo pasala Canada. Anthu anayi mwa asanu ndi mmodzi aja ankakhala m'nyumba ya John Sheardown, wogwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa Canada, yemwe pamodzi ndi mkazi wake anaika moyo pachiswe kwa milungu yambiri. Mufilimu mulibe Sheardown. Kazembe Ken Taylor alimo, koma amaoneka ngati wongosunga alendo, pomwe boma lake ndi lomwe linapereka mapasipoti enieni a Canada. Jimmy Carter, yemwe anali mtsogoleri wa America nthawi imeneyo, ananena mu 2013 kuti pafupifupi 90 pa 100 ya ntchitoyo inali ya anthu a ku Canada. Filimu imanenanso kuti akazembe a Britain ndi New Zealand anakana kuthandiza, pomwe onse awiri anathandiza, ndipo nyumba ya malamulo ya New Zealand inadandaula poyera.

Mu The Imitation Game ya mu 2014 pasala akatswiri a masamu a ku Poland. Marian Rejewski anamasula kayendedwe ka Enigma kumapeto kwa 1932, ndipo mu Julaye 1939 iye ndi anzake anapereka zonse zomwe ankadziwa kwa a Britain ndi France. Alan Turing, katswiri wa masamu wa ku Britain yemwe filimuyi imakamba za iye, anamanga pa maziko amenewo. Chinanso chomwe chimandipweteka mufilimu imeneyi ndi choti imaonetsa Turing atazindikira kuti mnzake John Cairncross ndi kazitape wa Soviet Union, n'kukhala chete poopa kuululidwa zake. Cairncross analidi kazitape, koma ankagwira ku chigawo china, ndipo palibe umboni woti anthu awiriwa anagwirapo ntchito limodzi. Munthu yemwe anathandiza kupulumutsa dziko lake anamupaka mlandu wobisa kazitape pofuna kuti nkhani ikome. Wakufa sadziteteza.

Funsani kuti anawatsegulira chitseko ndani

Kuyambira mu 1996 CIA ili ndi ofesi yogwira ntchito ndi opanga mafilimu. Imawalola kucheza ndi akazitape, kuona malo ena, kumva nkhani zam'kati. Wolandira mwayi wotere savuta kumva nkhani mbali imodzi. Choncho fufuzani ngati opanga filimu anathandizidwa ndi bungwe lomwe akulikamba. Ngati anathandizidwa, sizikutanthauza kuti zonse ndi bodza, koma dziwani kuti mukumva mwini nkhani akudzifotokoza yekha.

Chitsanzo cholemera ndi Zero Dark Thirty ya mu 2012, yokamba za kusakidwa kwa Osama bin Laden, yemwe anaphedwa ku Abbottabad, m'dziko la Pakistan, pa 2 Meyi 2011. Opanga filimuyi anacheza ndi akuluakulu a CIA. Woonera amatuluka akuganiza kuti kuzunza akaidi ndi komwe kunatsegula njira yopezera bin Laden. Maseneta atatu a America, Dianne Feinstein, Carl Levin ndi John McCain, analembera kampani ya filimuyo kalata yotsutsa zimenezo. McCain ankadziwa chomwe ankanena, poti iye mwini anazunzidwa ali mkaidi ku Vietnam. Mu Disembala 2014 komiti ya Senate inatulutsa lipoti loti kuzunzako sikunali njira yothandiza kupeza zoona, ndipo mfundo zofunika zokhudza mthenga wa bin Laden zinapezeka mwa njira zina. CIA inatsutsa mbali zina za lipotilo, ndipo ndi bwino muwerenge mbali zonse.

Apa ndimaima nthawi yaitali ndi ana anga, chifukwa nkhaniyi si yakutali. Ife tili ndi makolo omwe anadutsa m'manja mwa Special Branch, ena anakagona ku Mikuyu popanda mlandu. Filimu ikaphunzitsa mnyamata kuti kumenya munthu womangidwa kumatulutsa choonadi, mnyamata ameneyo mawa akhoza kukhala wapolisi kapena wa m'gulu la chitetezo cha m'mudzi, ndipo adzakumbukira phunzirolo ali ndi woganiziridwa kuba m'manja.

Yezani filimu ndi zomwe akuluakulu athu akudziwa

Ukazitape weniweni umayenda pang'onopang'ono, ndipo anthu ake sazindikirika. Rudolf Abel, kazitape wa Soviet Union yemwe mumamuona mu Bridge of Spies, anakhala zaka ku Brooklyn ngati wojambula zithunzi wachete. Anagwidwa mu 1957 chifukwa womuthandiza wake, Reino Häyhänen, munthu wokonda mowa, anadzipereka kwa a America n'kuulula. Katharine Gun, wa mufilimu ya Official Secrets, anali womasulira chinenero cha ku China ku GCHQ, bungwe la Britain lomvetsera mauthenga mwachinsinsi. Kumayambiriro kwa 2003 anaona uthenga wochokera ku NSA, bungwe la America la ntchito yomweyo, wopempha thandizo lomvetsera mwachinsinsi nthumwi za mayiko asanu ndi limodzi a mu Security Council ya United Nations, pofuna mavoti a nkhondo ya Iraq. Atatu mwa mayikowo anali a kuno ku Africa: Angola, Cameroon ndi Guinea. Anautulutsa uthengawo, anamangidwa, ndipo mu Febuluwale 2004 boma linausiya mlandu. Munkhani yonseyi simunalire mfuti.

Kuti mumve kukoma kwa zoona zotere, chezani ndi agogo anu musanaike filimu ina. Afunseni mmene zinalili nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankayang'ana uku ndi uku asanatchule dzina la mtsogoleri, pamene mnzako wa pamowa kapena wa kutchalitchi ankatha kukhala khutu la boma. Afunseni a ku Muloza ndi Limbuli za nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pamene othawa nkhondo ankawoloka kuchokera ku Milange ndipo sunkadziwa kuti mlendo wafika ndi ndani. Adzakuuzani kuti kazitape sankaoneka ngati mwini filimu. Ankaoneka ngati wina aliyense.

M'chigawo chathu chino chida chinali phukusi ndi kalata. Eduardo Mondlane, mtsogoleri wa Frelimo, anafa pa 3 Febuluwale 1969 ku Dar es Salaam potsegula phukusi la buku. Ruth First, wolimbana ndi tsankho la ku South Africa, anafa chimodzimodzi mu 1982 mu ofesi yake pa yunivesite ku Maputo, ndipo Craig Williamson, kazitape wa boma la tsankho la South Africa, anadzavomera kuti anali m'gulu la okonza chiwembucho. Attati Mpakati, Mmalawi wotsutsa boma, anavulazidwa ndi bomba la m'kalata mu 1979, kenako anapezeka ataphedwa ku Harare mu 1983. M'chaka chomwecho Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anafera ku Mwanza, boma n'kunena kuti ndi ngozi ya galimoto, mpaka kafukufuku wa pambuyo pa 1994 anapeza kuti anachita kuphedwa. Munthu wodziwa mbiri imeneyi ali ndi muyezo. Akaona kazitape wa mufilimu akudumpha padenga ndi kupha anthu makumi awiri, amadziwa kuti akuona masewera. Akaona munthu wotopa akudikira foni m'chipinda, osadziwa woti amukhulupirire, amadziwa kuti olemba ayandikira choonadi.

Ndale za osewera

Iyi ndi nkhani yomwe imagawa benchi ku vidiyo ya alamu anga. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, feteleza ndi mafuta zitakwera, mnyamata wina wa kabaza anafika ndi foni m'manja, akuonetsa chithunzi cha Steven Seagal akugwirana chanza ndi Vladimir Putin. Alamu anali atalemba kale dzina la Seagal ndi choko pa bolodi la panja. Mnyamatayo anati, "Achimwene, uyu mufufute, ndi mnzake wa amene watikwezera feteleza." Mkulu wina wothyola tiyi, atakhala pakona ndi chikho cha thobwa, anayankha kuti, "Ayi, musiyeni, munthu wolimba mtima ameneyo, wakana kuuzidwa zochita ndi azungu anzake." Alamu anatembenukira kwa ine choko chili m'manja: "Alamu, inu aphunzitsi, tifufute kapena tisiye?" Onse awiri anali asanafunse kuti filimuyo ikukamba chiyani. Anali ataweruza kale poona nkhope.

Zimachitika kulikonse. Mu 2017 dziko la Lebanon linaletsa Wonder Woman chifukwa Gal Gadot, mwini filimuyo, anagwirapo ntchito ya usilikali ku Israel, ndipo mpaka lero pali anthu omwe saonera filimu iliyonse yomwe iye alimo, kuphatikizapo ya akazitape ya Heart of Stone, pomwe ena amaionera pa chifukwa chomwecho. Jane Fonda anajambulitsa atakhala pa mfuti yowombera ndege ku Hanoi mu 1972, America ikumenyana ndi North Vietnam, anapepesa kangapo, koma asilikali ena akale a America sanamukhululukire.

Ndikakumana ndi nkhani yotere ndimadutsa m'mafunso atatu, ndipo loyamba ndi lophweka: kodi zomwe akumunenerazo ndi zoona? Zithunzi zambiri zoyenda pa WhatsApp zimakhala ndi mawu omwe munthuyo sanayankhulepo. Za Seagal zinali zoona: analandira unzika wa Russia mu 2016, pasipoti anapatsidwa ndi Putin mwini wake, ndipo mu 2017 Ukraine inamuletsa kulowa m'dzikomo kwa zaka zisanu. Koma tinadziwa zimenezo titafufuza, osati chifukwa chithunzi chinafika pafoni.

Lachiwiri: kodi munthuyu anangosewera, kapena analemba nawo, kuwongolera, kapena kuikapo ndalama? Wosewera wamba amanena mawu olembedwa ndi wina. Maganizo omwe ali mufilimu ndi a wolemba, wowongolera ndi mwini ndalama. Sylvester Stallone analemba nawo Rambo III ya mu 1988, momwe ankhondo a mujahideen a ku Afghanistan ndi ngwazi zolimbana ndi Soviet Union, choncho pamenepo mukhoza kumufunsa iye. The Delta Force ya mu 1986, ya Chuck Norris, inatengera kulandidwa kwa ndege ya TWA mu Juni 1985. Mufilimu asilikali amapulumutsa anthu ndi mfuti. M'mbiri munthu mmodzi anaphedwa, ndipo otsala anamasulidwa patatha masiku 17 kudzera m'zokambirana. Amene anasankha kusintha mathero amenewo ndi olemba ndi opanga filimuyo, ndipo dzina loyenera kulifufuza ndi la Menahem Golan, yemwe anaiwongolera.

Lachitatu ndi lomwe anthu amalilumpha: kodi ndale za munthuyu zikukuuzani chilichonse za kuona kwa filimuyi? Kawirikawiri ayi. George Clooney anasewera mu Syriana ya mu 2005, yomwe imadzudzula CIA kwambiri, ndipo Clooney yemweyo ndi mmodzi mwa opanga Argo, yomwe inapatsa CIA ulemu wa anthu ena. Ben Affleck, yemwe anawongolera Argo, amadziwika kuti amatsatira chipani cha Democratic, koma zimenezo sizinabwezere Sheardown mufilimu. Mukhoza kumukonda wosewera, filimu yake n'kukhala yodzaza mabodza. Mukhoza kudana naye, filimu yake n'kukhala yoona.

Maganizo anga ndi awa. Ndalama ndi zanu, maso ndi anu. Ngati mtima wanu sukulola kuonera munthu yemwe amaikira kumbuyo zomwe mumadana nazo, musaonere, ndipo palibe woti akudzudzuleni. Inenso alipo omwe sindiwaonera. Chomwe ndimakana ndi kusandutsa kukana kwanu kukhala lamulo la benchi yonse. Ku America mu 1947 komiti ya nyumba ya malamulo inayamba kusaka anthu a mafilimu owaganizira kuti ndi a chikomyunizimu. Khumi mwa iwo anapita kundende, ambiri anasowa ntchito kwa zaka, ndipo Dalton Trumbo, mmodzi mwa khumiwo, ankalemba mafilimu pogwiritsa ntchito mayina a anthu ena. Charlie Chaplin anatsekeredwa kunja mu 1952, n'kudzapondanso ku America mu 1972. Kuno kwathu lamulo la mu 1968 linakhazikitsa bungwe lomwe linkasankhira Amalawi mabuku, nyimbo ndi mafilimu, ndipo omwe tinakula nthawi imeneyo tikudziwa mmene zimamvekera wina akakusankhira choti uone. N'chifukwa chake ndinawauza alamu kuti dzinalo alisiye pabolodi, wosafuna abwere pa filimu yachiwiri. Mnyamata wa kabaza uja anachitadi zimenezo, ndipo ndinamulemekeza.

Womasulira, ndi poyambira

Kumbukirani kuti filimu ya m'Chichewa yadutsa m'manja awiri. Omasulira athu ali ndi luso, ndipo popanda iwo amayi ambiri ndi ana sakanatsatira nkhani zimenezi. Koma ntchito yawo ndi kusangalatsa, choncho amasintha mayina, amaonjezera nthabwala, ndipo pomwe akazitape akukambirana motsitsa mawu amadutsapo msanga, pomwe ndi pamene pagona nkhani. Ngati filimu yakukhudzani, pemphani anyamata othira mafilimu mu memori kuti akupatseniko yosamasulira, muonerenso ndi mnzanu womva bwino Chingerezi. Mawu olembedwa kumapeto musawadumphe. Ngakhale U-571 imatchula a Britain kumapeto kwenikweni, nthawi yomwe benchi yatha kale kubalalika.

Ngati mukufuna poyeserera njirayi, yambani ndi Bridge of Spies ya mu 2015, chifukwa mafupa ake ndi oona ndipo zoonjezera n'zosavuta kuzipeza. Lembani 1957, chaka chomwe Abel anagwidwa. 1 Meyi 1960, tsiku lomwe ndege ya U-2 ya Francis Gary Powers inagwetsedwa ku Soviet Union. Ndi 10 Febuluwale 1962, tsiku lomwe anthu awiriwa anasinthanitsidwa pa mlatho wa Glienicke, pamene wophunzira Frederic Pryor ankamasulidwa pa Checkpoint Charlie, chipata cha pakati pa mbali ziwiri za mzinda wa Berlin. Zonsezi muzipeza kuti ndi zoona. Kenako fufuzani ngati nyumba ya loya wa Abel, James Donovan, inawomberedwadi ndi mfuti monga filimu imaonetsera. Mupeza kuti analandira makalata ndi mafoni achipongwe, koma kuwomberako n'koonjezera. Mukatero pitani pa Lumumba ya Raoul Peck ya mu 2000, yokamba za Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya Congo, muiyerekeze ndi zomwe komiti ya Senate ya America inapeza mu 1975 zoti CIA inakonza chiwembu chomuthira poizoni, komanso zomwe nyumba ya malamulo ya Belgium inavomereza mu 2001 zokhudza imfa yake ya pa 17 Januwale 1961. Imeneyo ndi ntchito yomwe ndapatsa a Fomu 4 teremu ino, ndipo aliyense abweretsa dzina limodzi la munthu yemwe ali m'mbiri koma mufilimu mulibe.